Kutopa kosamva tulo: mafunso ndi mayankho pa za kufooka kwa odwala khansa ku Machinga ndi Balaka

Pakati pa masautso onse amene nthenda ya khansa imadzetsa pa munthu pali limodzi limene odwala amalidandaula kawirikawiri, koma limene abale, ndipo nthawi zina ngakhale a chipatala, salilabadira monga kuyenera, pakuti silitupa, silikha magazi, ndiponso silioneka pa chithunzi cha makina. Sautsoli ndilo kutopa. M'maboma a Machinga ndi Balaka, kumene moyo wa banja watsamira pa khasu, pa mtondo ndi pa ndowa ya madzi, munthu wotha mphamvu sachedwa kutchedwa waulesi, kapena kuganiziridwa kuti amulodza. Chifukwa chake nkoyenera kuti tifunse modekha, pakuti safunsa anadya phula, za chimene chimabala kutopaku, za anthu amene kumawagwira koposa, ndi za zimene zingachitike kuti kupepuke.

Kodi kutopa kwa khansa kumasiyana bwanji ndi kutopa kumene tonse timakudziwa?

Mlimi amene watsiriza ndime yake ya thonje ku Utale, kapena mayi amene waweruka kowokera mpunga m'madambo a nyanja ya Chiuta, amatopa ndithu. Koma akasamba, nadya nsima, nagona usiku wonse, m'mawa mphamvu zake zimakhala zabwerera. Kutopa kwa khansa sikutero. Wodwala amadzuka ali wolema monga momwe anagonera, ndipo kantchito kakang'ono, monga kusesa pabwalo kapena kupita kubafa, kamamutsiriza ngati walima tsiku lonse. Mudzamva akuti, “Thupi lonse lalobodoka,” kapena, “M'nkhongono mwazizira,” ndipo sanama ayi. Kutopaku kumafika ndi m'maganizo momwe, kotero kuti munthu amaiwalaiwala, amalephera kutsata nkhani imene anzake akukamba, ndipo chidwi cha zinthu zimene ankazikonda chimazilala. Ochuluka mwa amene akulandira chithandizo cha khansa amakumana nako, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu kapena anayi amakhalabe nako miyezi kapena zaka chithandizocho chitatha.

Nanga khansa imachita chiyani m'thupi kuti munthu afooke chotere?

Chotupa cha khansa chikamakula chimalanda chakudya chimene chikanapita ku minofu. Koma chachikulu koposa nchakuti asilikali a m'thupi, pofuna kulimbana nacho, amatulutsa m'magazi timadzi tomwe amatulutsanso munthu akagwidwa malungo, ndipo timadzito nditomwe timachotsa chilakolako cha chakudya, kusungunula minofu, kusokoneza tulo, ndi kuchedwetsa kapangidwe ka magazi atsopano. Malungo amatha m'masiku ochepa munthu akamwa mankhwala, pamene nkhondo ya thupi ndi khansa imapitirira usana ndi usiku kwa miyezi yambiri. Ndipo khansa ikakula kapena kufalikira ku ziwalo zina, kutopa nakonso kumakula, chimene chili chinthu chomvetsa chisoni kuno kwathu, kumene ambiri amafika kuchipatala nthenda itazika kale mizu.

Komatu kutopaku sikuchokera pa gwero limodzi. Kuli ngati mtolo wa nkhuni pamutu pa munthu: chikuni china ndi khansa yeniyeniyo, china ndi kuchepa kwa magazi, china ululu, china njala, china nkhawa, china ulendo wautali wa kuchipatala, ndipo ngakhale sikutheka kuutula mtolo wonse, chikuni chilichonse chimene chasololedwa chimapepuza mutu wa wosenzayo. Apa ndi pamene pagona chiyembekezo cha nkhani yonseyi.

Ndani amene ali pa chiopsezo chachikulu cha kutopa kotere?

Ofufuza za matendawa m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti chizindikiro champhamvu koposa ndicho mmene munthu analili asanayambe chithandizo: amene anayamba ali wotopa kale ndiye amatopa kwambiri mkati mwa chithandizocho, ndiponso amachedwa kubwerera m'chimake. Pambuyo pake pakubwera iwo amene khansa yawo yakula, amene magazi awo ndi ochepa, amene ali ndi ululu wosaletsedwa, osowa tulo, osweka mtima, oonda kwambiri kapena onenepa kwambiri, okhala osayendayenda, okhala okha popanda wowathandiza, osauka, ndi iwo amene asenza matenda ena pamwamba pa khansa. Amayi amadandaula kutopa kwambiri kuposa abambo, ndipo sizodabwitsa pamene tikumbukira kuti mayi wodwala amayembekezekabe kutunga madzi, kuphika ndi kulera ana. Abambo nawo, poopa kuoneka ofooka pamaso pa akuchikazi kumene anakwatira, amabisa kutopa kwawo kufikira atagwa, kuiwala kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Bwanji kuchepa kwa magazi kumatchulidwa kwambiri pa nkhani imeneyi?

Chifukwa magazi ndiwo amanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita ku minofu ndi ku ubongo, ndipo akachepa, thupi lonse limagwira ntchito mobanika. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a msinkhu wobereka m'Malawi anali ndi magazi ochepa, khansa isanalowepo n'komwe. Ndipo m'maboma athu awiriwa zifukwa zake sizisowa, pakuti malungo ndi ochuluka m'chigwa cha Shire, njoka za m'mimba zimayamwa magazi mwakachetechete, likodzo lili m'madzi a Chilwa, Chiuta ndi Malombe, ndipo amayi ambiri amatenga pakati mothinana, thupi lisanabwezere zimene linataya. Tsono pamwamba pa zonsezi ikafika khansa ya khomo la chiberekero, imene imapezeka mwa amayi oposa 4,000 chaka chilichonse m'dziko muno, ndipo imatayitsa magazi pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, kapena khansa ya chikhodzodzo, imene likodzo la zaka zambiri limaikonzera njira, mphamvu za munthu zimatha msanga.

Zizindikiro zake nzodziwika: m'manja ndi m'zikope mumayera, mtima umagunda mofulumira, munthu amachita chizungulire akaimirira, ndipo amapuma mwawefuwefu akangoyenda pang'ono. Kuyeza magazi ndi ntchito yaing'ono imene imachitika pa chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde ndi pa chipatala cha boma cha Balaka, ndipo mlingo wake ukatsika pansi pa 12 kwa mayi, kapena 13 kwa bambo, magaziwo amawerengedwa kuti ndi ochepa. Achipatala, atapeza gwero lake, amapereka mapiritsi oonjezera magazi, mankhwala a malungo, a njoka kapena a likodzo. Ndipo magazi akatsika kwambiri amamuika wodwala magazi ena, amene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe lili ndi nthambi ku Balaka komweko, limatolera kwa anthu opereka mwaufulu. Zakumwa zofiira za m'mabotolo, zimene abale amagula ndi mtima wabwino, siziwonjezera magazi ngakhale dontho limodzi. Ndalama yake ikanagula mazira kapena matemba.

Kodi njala ndi kadyedwe zili ndi gawo lotani?

Gawo lake ndi lalikulu, makamaka pa khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la maiko amene imapezeka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Nthendayi imayamba ndi kutsamwa nyama kapena nsima, kenaka phala, potsiriza ngakhale madzi, ndipo munthu amaonda ali pakati pa chakudya. Ena amalephera kudya chifukwa cha zilonda za m'kamwa, nseru, kapena chifukwa chakudya chasiya kukoma. Ndipo tisaiwale kuti Balaka ndi dera lotentha, la mvula ya njomba, kuti namondwe wa Freddy anakokolola minda m'chigawo cha kummwera mu March 2023, kuti chilala cha 2024 chinatsatira pomwepo, ndiponso kuti ngakhale chaka chabwino miyezi ya January ndi February imapeza nkhokwe zambiri zili mbee. Wodwala wa m'banja lodya kamodzi pa tsiku amalowa m'chithandizo wopanda nkhokwe m'thupi mwake.

Chothandiza ndicho kudya pang'ono koma pafupipafupi: phala la nsinjiro kapena likuni phala, dzira, matemba osinja, nandolo kapena nyemba zofewetsa bwino, bonongwe, chisoso ndi khwanya, pamodzi ndi zipatso monga mango, bwemba ndi malambe, zimene zimathandiza thupi kuyamwa mchere wopanga magazi. Tiyi amwedwe patapita nthawi munthu atadya, pakuti akamwera pa chakudya amatsekereza mcherewo. Koma abale adziwenso ichi, kuti khansa ikakula kwambiri imaondetsa munthu angakhale adye bwanji, kotero kumukakamiza ndi kumukalipira pa mbale ya nsima kumangoonjezera chisoni pa nthawi imene akusowa mtendere. Za kusala kudya, kaya m'mwezi wa Ramadan kaya pa mapemphero a mpingo, wodwala akambirane ndi achipatala komanso atsogoleri a chipembedzo chake. Chiphunzitso cha Chisilamu chimamasula wodwala ku lamulo la kusala.

Anthu ena amati mankhwala a khansa ndiwo amatsiriza munthu. Kodi nzoona?

Nzoona kuti chithandizo chimatopetsa, ndipo sitiyenera kubisa zimenezi. Koma si zoona kuti chimapatsidwa kuti chitsirize munthu. Mankhwala a chemotherapy, amene kawirikawiri amaperekedwa m'diripi pakapita masabata atatu alionse, amakantha tizigawo ta thupi tochulukana mofulumira, ndipo pokantha khansa amakhudzanso mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Ndicho chifukwa chake kutopa kumakula masiku ochepa munthu atalandira diripi, kenaka nkuyamba kutsika pamene tsiku la diripi yotsatira likuyandikira. Chithandizo cha radiotherapy, chimene ambiri amachitcha kuwotcha khansa ndi makina, chimaperekedwa masiku asanu pa sabata kwa masabata angapo, ndipo kutopa kwake kumaunjikana pang'onopang'ono kufikira kumapeto, nkukhalabe masabata ena pambuyo pake. Opaleshoni yaikulu nayo imafuna miyezi kuti thupi libwerere. Amene alandira njira ziwiri kapena zitatu pamodzi ndiye amatopa koposa.

Kwa ife pali chinanso chimene mabuku a kunja sachitchula kwenikweni, ndicho ulendo. Wodwala wa ku Ngokwe, ku Chikweo kapena ku Nayuchi kumalire ndi Mozambique amadzuka nkhuku zisanalire, nakwera kabaza, nakwera minibasi kufika pa Liwonde, napitirira ku Zomba kapena ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa Liwonde. Amadikira pamzere m'mimba muli zii, ndipo amabwerera m'njira yomweyo mankhwala ali m'thupi. Kufikira chaka cha 2024 makina a radiotherapy kunalibe m'dziko muno, ndipo ofuna chithandizochi ankatumizidwa kunja, monga ku India ndi ku Tanzania. Lero alipo ku Blantyre pa chipatala cholipira, ndiponso ku Lilongwe pa chipatala cha boma cha khansa chimene chili pa Kamuzu Central, chomwe chinatsegulidwa mu 2025. Ichi nchinthu choyamika. Komabe wa ku Phalula kapena ku Ntaja ayenera kukhala masabata ambiri kutali ndi kwawo. Banja lichite zotheka kuti wodwala asayende yekha, anyamule madzi ndi kamba, ndipo ngati kuli mbale pafupi ndi chipatala, akagone kumeneko dzulo lake. Chachikulu nchakuti asasiye chithandizo chifukwa cha kutopa asanakambirane ndi adokotala, pakuti iwo angathe kusintha mlingo kapena tsiku la mankhwala.

Nanga ululu, kusowa tulo ndi nkhawa zikugwirizana bwanji ndi kutopa?

Zitatuzi zimayendera limodzi, ndipo china chimadyetsa chinzake: ululu umalanda tulo, kusowa tulo kumakuza nkhawa, ndipo mtima wankhawa umamva ululu mowirikiza. Mayi amene akulingalira za fizi ya ana, za mbuzi zimene zagulitsidwa kuti papezeke ya thiransipoti, za mwamuna amene wayamba kugona kunja, kapena za fungo la kumaliseche limene lamuchititsa kuthawa anzake pa chitsime, amatopa ngakhale atakhala pamkeka tsiku lonse. Kukhumudwa kwakukulu, kumene munthu amataya nako chiyembekezo ndi chikondwerero chonse kwa masabata, ndi nthenda yochizika, osati kuchepa kwa chikhulupiriro ayi, ndipo achipatala ayenera kuuzidwa.

Pa za ululu, ambiri amaopa mofini poyesa kuti ndi mankhwala a munthu amene watsala pang'ono kutsikira kuli chete. Kuopa kumeneku kwazunzitsa anthu popanda chifukwa. Mofini wamadzi, akamwedwa pa mlingo ndi pa nthawi imene achipatala anena, amaletsa ululu kotero kuti munthu amagona, amadya, ndipo ena amabwerera ku tintchito tawo. Masiku oyambirira amawodzeretsa, koma kuwodzerako kumachepa thupi likazolowera, ndipo kudzimbidwa kumene amadzetsa kuli ndi mankhwala ake. Chisamaliro choterechi, chochepetsa ululu ndi kutonthoza odwala matenda a mgonagona, chimapezeka pa zipatala za maboma, ndiponso pa Tiyanjane ku Queen Elizabeth. Wodwala amene akuona kuti mankhwala ake akumugoneka mopitirira asawasiye yekha, koma akanene kuti mlingo uwonedwenso.

Kodi amene ali ndi HIV kapena matenda ena amatopa mosiyana?

Inde, pakuti thupi limodzi likumenya nkhondo ziwiri. Mayi amene ali ndi HIV ali ndi chiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero choposa cha mnzake pafupifupi kasanu ndi kamodzi, ndipo khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, imene imatupitsa ndi kulemeretsa miyendo, imayenda kwambiri ndi kachilomboka. Wotere asadumphitse ma ARV ngakhale tsiku limodzi, chifukwa chitetezo chikatsika matenda ena amalowa. Koma auze a ku khansa mankhwala onse amene akumwa, popeza ena, monga zidovudine, amachepetsa magazi. Chifuwa chachikulu, shuga, nthenda ya mtima ndi kufooka kwa chithokomiro zimatopetsa pazokha. Impso nazo zimalefuka pamene chotupa cha m'chiberekero chatseka njira ya mkodzo. Kachasu ndi fodya zimaonjezera katundu pa thupi lotopa kale, ndipo zitsamba zosadziwika mlingo zingathe kuvulaza chiwindi ndi impso zimene zikulimbana ndi mankhwala a khansa. Wodwala amene akumwa za kwa asing'anga anene poyera, achipatala adziwe.

Munthu wotopa si ayenera kugona basi? Bwanji ena amati aziyenda?

Apa ndi pamene chikondi cha abale chimalakwitsa kawirikawiri. Munthu akagona pamphasa masiku ambiri minofu yake imafota, ndipo ikafota, kantchito komwe kaja kamafuna mphamvu zochuluka kuposa kale, kotero kuti kugona kumene amayesa mankhwala kumasanduka gwero lina la kutopa. Mwa njira zonse zimene zayesedwa pochepetsa kutopa kwa khansa, kuyendayenda mwa mlingo ndiko kwaonetsa phindu lodalirika koposa. Sitikunena za kupita kumunda dzuwa la October lili paliwombo, kapena kusenza ndowa kuchokera ku mjigo. Tikunena za kuyenda mphindi zisanu kapena khumi m'mawa kapena madzulo kukazizira, pali wina pambali, ndi kuonjezera pang'ono sabata ndi sabata, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Tulo ta masana tikhale tatifupi kuti usiku asasowe tulo. Koma amene akutentha thupi, amene magazi ake atsika kwambiri, kapena amene khansa yafika m'mafupa, ayambe wafunsa achipatala asanayambe kuyenda kotere.

Mbali ina ya choonadi chomwechi njakuti ntchito yolemetsa imapha mphamvu zochepa zimene zatsala. Wodwala asankhe chimene chili chofunika kwa iye pa tsikulo, achichite nthawi imene thupi lili bwino, achichite chokhala pansi ngati nkotheka, ndipo zotsalazo asiyire ena popanda kudziimba mlandu.

Kodi kutopa kukakula ndiye kuti khansa ikukula? Ndi liti pamene tiyenera kuthamangira kuchipatala?

Si nthawi zonse ayi. Kutopa kwa mkati mwa chithandizo nthawi zambiri kumachokera ku chithandizocho, ndipo kutopa kotsalira chithandizo chitatha sikutanthauza pakokha kuti nthenda yabwerera. Koma pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala: kutentha thupi kapena kunjenjemera mwa munthu amene akulandira chemotherapy, pakuti asilikali ake ali ochepa ndipo nthenda yaing'ono ingamuphe m'maola ochepa, kutaya magazi kwambiri, kubanika ali chikhalire, kukomoka kapena kusokonezeka mutu, kuchepa kwa mkodzo, kusanza kosalekeza ndi kulephera kumeza madzi, ndiponso kufooka kwadzidzidzi kwa miyendo. Izi zikaoneka, abale apite naye wodwalayo tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ku chipatala chapafupi, buku lake lili m'manja.

Tsono wodwala anene chiyani kuchipatala, ndipo abale achite chiyani?

Wodwala atchule kutopa ndi dzina lake, monga momwe amatchulira ululu, osadikira kufunsidwa, pakuti pa mzere wautali dokotala amamva chimene wauzidwa. Anene pamene kunayambira, nthawi ya tsiku imene kumakula, ndi ntchito zimene kwamulepheretsa. Ndipo kumathandiza kukupatsa nambala kuyambira 0, pamene palibe kutopa, kufikira 10, pamene munthu sangathe kudzuka, kuti pa ulendo wotsatira aone ngati kwakwera kapena kwatsika. Apemphe kuti ayezedwe magazi ndi malungo, anene za tulo, za chakudya ndi za mtima wake, ndipo aonetse mankhwala onse amene akumwa. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi angathe kumulumikiza ndi a chisamaliro cha matenda a mgonagona pa chipatala cha boma.

Kwa abale, choyamba ndicho kumukhulupirira, ndi kuchotsa mawu akuti ulesi pakhomopo. Chachiwiri ndicho kugawana ntchito mwadongosolo, pakuti mutu umodzi susenza denga: mwinimbumba aitanitse abale, anene poyera amene adzatunga madzi, amene adzalima munda wa wodwalayo mvula ikagwa, amene adzamuperekeza ku Blantyre, ndi amene adzasonkha ya ulendo, ankhoswe alankhule ndi mwamuna kapena mkazi amene wayamba kuzemba udindo wake, amayi a Mvano, a m'miphakati ndi a ku mzikiti, amene amadziwa kale kuzonda odwala, abwere ndi mtolo wa nkhuni kapena ufa, ndipo asachedwe kutsanzika kuti wodwala apume. Gadiyani naye, amene amagona pansi m'chipatala masabata ambiri, apatsidwe womulandira, chifukwa naye akagwa odwala akhala awiri. Kutopa kwa khansa sikutheratu mwa onse. Koma wodwala amene magazi ake ayezedwa, ululu wake waletsedwa, chakudya chake chakonzedwa ndipo munda wake walimidwa ndi abale, amatha kutsiriza chithandizo chake, ndipo mphamvu zimene zamutsalira amazigwiritsa pa zinthu zimene iye mwini wasankha.